Relentless: Liu Limodzi la Amai ndi Wakaloba Yemwe

Mu Okutobala 2024, kutatsala masabata ocepa kuti ana a Giredi 12 ayambe mayeso, ndinawauza kuti alembe cimangirizo ca Cizungu cokamba za munthu amene amamusirira. Mapepalawo ndinali kuwaconga pakhonde kwathu ku Dambwa, cifukwa m'nyumba munali ngati mu uvuni, ndipo magetsi anali atapita kuyambira m'mamawa. Mnyamata wina wa ku Maramba analemba za amai ake, amene amagulitsa kapenta ndi tomato pamsika. Ciganizo cake coyamba cinali ca mau anai cabe: My mother is relentless.

Bolopeni yanga inaima pa liu lomalizalo. Malembedwe ake anali olondola, galamala inalinso bwino. Komabe ndinalemba mzere pansi pake ndi kuikapo cizindikiro ca funso. M'mawa mwake mnyamatayo anandipeza pakhomo la kalasi, pepala lili m'manja.

"Ba Sir, manje nalakwa cani apa? Si ndiye mwamene bakambila bonse?"

Ndinamuuza kuti sanalakwe, koma belu linalira ndisanamufotokozere cimene cinandivuta. Ndakhala ndikuliganizira funso lake kuyambira tsiku limenelo, ndipo yankho lake likukhudzanso inu amene mumalemba ndakatulo ndi nkhani pa masamba ngati ano.

Mnyamatayo ananena zoona kuti aliyense akulikamba liuli. Lili pa WhatsApp pansi pa zithunzi za anyamata onyamula zitsulo. Lili pa Facebook pamene munthu amalemba kuti iye ndani. Lili pa masikipa a salaula, pa zikwangwani za misonkhano ya acinyamata ku machalichi, ndi m'makalata ofunsira nchito ku malo ogona alendo a m'mbali mwa Zambezi. M'ndakatulo za Cinyanja za masiku ano limalowa pakati pa mzere, nthawi zambiri pamene wolemba akufuna kuti timuombere m'manja. Konseko limagwira nchito imodzi, ya kutamanda. Mwa zina zimene zinalikweza ndi buku la Tim Grover, amene anali wophunzitsa masewera olimbitsa thupi wa Michael Jordan ndi Kobe Bryant. Bukulo linatuluka mu 2013 ndipo mutu wake ndi liu lomweli. Ambiri amene amalilemba pansi pa zithunzi zao sanaliwerenge bukulo, koma mzimu wake unawafika kudzera m'timavidiyo ta pafoni: usaime, usagone, usamvere aliyense.

Tiyeni tiliphwanye liuli monga timacitira m'kalasi. Lili ndi zigawo ziwiri. Cakumapeto, -less, cimatanthauza wopanda, monga mu homeless, wopanda pokhala, kapena jobless, limene ambiri a ife tikulidziwa kuposa mmene tikanafunira. Cakutsogolo ndi mneni relent. M'Cizungu cakale mneniyu anali kutanthauza kusungunuka, monga limacitira phula likayandikira moto, ndipo akatswiri a mau amati anacokera ku liu la Cilatini lakuti lentus, lonena za cinthu cofewa, copindika kapena coyenda pang'onopang'ono. Masiku ano munthu akacita relent ndiye kuti wabweza mtima. Anali atakana, anali atalusa, koma wamva kudandaula kwako ndipo wafewa. Atate amene analumbira kuti supita kukaonera mpira, kenako n'kunena kuti pita koma dzuwa lisakulowere, acita zimenezo. Mwininyumba amene wakupatsa sabata ina kuti upeze ya lendi wacitanso zomwezo.

Conco relentless, limene linayamba kuoneka m'zolemba za Cizungu kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, pa ciyambi cake limanena za wosasungunuka, amene kupepesa sikumufika pamtima. Msuweni wake ndi ruthless, pakuti ruth linali liu lakale la cifundo. Tanthauzo la kusaima, limene ife timalikonda, linamera pa tsinde limeneli. Ndiye cifukwa cake m'manyuzipepala ndi m'mabuku a Cizungu liuli limakonda kuyenda ndi zinthu zosautsa: kutentha, cilala, matenda, kukwera kwa mitengo, mdani amene akukulondola. Caka cimene ndikukambaci, mvula inatithawa moti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, magetsi anasowa, unga unakwera. Mzungu akanafuna kufotokoza dzuwa la caka cimeneco, liu lake likanakhala lomweli, ndipo sakanakhala akulitamanda dzuwalo.

Tsopano ndibwerere ku pepala lija, cifukwa cimene cinaimitsa bolopeni yanga cinali m'ndime yacitatu. Mnyamatayo anafotokoza kuti malonda atavuta, amai ake anatenga kaloba ya K1,000 kuti abweze K1,500 pakutha kwa mwezi. Mwezi unatha ndalama zisanakwane. Mwini ndalamayo anayamba kubwera madzulo alionse. Anali kukhala pampando pakhomo osakamba zambiri, mpaka anansi onse aone. Amai anadwala, iye anabwerabe. Kunagwa maliro kubanja, iye anabwerabe. Potsiriza ananyamula wailesi ndi mapoto awiri. Za munthu ameneyu mnyamatayo anangolemba kuti sataya mtima msanga. Liu lolemera lija analipatsa amai ake, pamene mwini wake weniweni anali wakalobayo. Amai amadzuka nkhuku zisanalire ndipo saleka. Wakaloba amabwera dzuwa likalowa ndipo saleka. Cizungu cimalola kuti onse awiri avale liu limodzi.

Cinyanja sicilola zimenezo, ndipo apa m'pamene ndikufuna kuti olemba anzanga muchere khutu. Yesani kumasulira relentless m'cilankhulo cathu, muona kuti cikukufunsani kaye kuti mukunena ndani. Ikakhala mvula yogwa masiku atatu osakata, timati mvumbi. Likakhala dzuwa la mu Okutobala, timati laswa mtengo. Akakhala munthu, mau athu amagawikana pawiri. Mbali imodzi kuli khama, kulimbikira, kupirira ndi kusagonja. Mbali ina kuli liuma, makani, kukakamira, kuuma mtima ndi nkhanza. Wakhama amadzipanikiza yekha, wouma mtima amapanikiza ena. Wopirira amasenza cimene camugwera, waliuma amakana kumva ngakhale pamene onse akuona dzenje kutsogolo kwake. Makolo anatisiyira miyambi ya mbali zonse ziwiri. Anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, kutilimbikitsa kuti tisaleke. Anatinso wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Simungauze agogo anu kuti munthu ndi wakhama pamene mukutanthauza kuti ndi wouma mtima, angakudzudzuleni pomwepo. Tikathawira ku liu la Cizungu lija, timathawa funso limene cilankhulo cathu cimatikakamiza kuyankha: kusaleka kumeneku akukulipira ndani?

Ambiri a inu munawerenga Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la mu 1958. Okonkwo ndi munthu amene liuli limamukwana mbali zonse. Atate ake, Unoka, anamwalira ndi ngongole, osamusiyira kanthu. Iye anayamba ulimi ndi mbeu ya zilazi yobwereka, m'caka cimene cilala ndi mvula yoopsa zinatsatana, koma sanagwe ulesi mpaka anakhala mmodzi wa akuluakulu a ku Umuofia. Mpaka pamenepo ndi khama, ndipo ana a sukulu amamukonda. Koma munthu yemweyo anacenjezedwa ndi mkulu Ezeudu kuti asaikepo dzanja pa imfa ya Ikemefuna, mnyamata amene anali kumuchula kuti atate. Okonkwo anapita ndithu ndipo anamutema yekha, poopa kuti anthu angamuyese wofooka. Mwana wake Nwoye anamuthawa. Mapeto ake mukuwadziwa. Luso la Achebe lili pakuti sanatipatse anthu awiri, wabwino ndi woipa. Anatipatsa munthu mmodzi amene mphamvu imene inamukweza ndi yomweyo imene inamugwetsa, cifukwa sanaphunzire kubweza mtima. Ndikawerenga ndakatulo ya wacinyamata yodzitama ndi liu lija, ndimafuna kudziwa ngati wolembayo akudziwa kuti wavala malaya a Okonkwo.

Sitifunikira kupita ku Nigeria kuti tione zimenezi. Tauni yathu ili ndi dzina la munthu wotere, ndipo fano lake laima pa Livingstone Museum. David Livingstone anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, atatsogoleredwa ndi anthu a kuno, ndipo anawapatsa dzina la mfumukazi ya kwao. Palibe angakane kuti anali wolimba. Anayenda kucokera ku Luanda mpaka ku Quelimane, anadwala malungo kosawerengeka, ndipo anaulula nkhanza za malonda a akapolo kwa anthu a ku Britain. Koma onaninso ulendo wake wa pa Zambezi wa kuyambira 1858 mpaka 1864. Anali atauza anthu a kwao kuti mtsinjewu ungakhale mseu wa sitima zolowa pakati pa Africa, asanaone ndi maso ake mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Atawaona, zinamuvuta kuvomereza kuti sitima singadutse. Anakangana ndi anzake ambiri a paulendowo, ena anawacotsa nchito. Amishoni amene anabwera atamva kuitana kwake anakakhala ku Magomero, ndipo mtsogoleri wao, Bishopu Charles Mackenzie, anamwalira mu Januwale 1862. Mkazi wake Mary anamutsatira ku Zambezi n'kumwalira ndi malungo ku Shupanga mu Epulo caka comweco. Ana ao anakula osawaona atate ao kawirikawiri. Boma la Britain linaimitsa ulendowo mu 1863. Buku la Tim Jeal la mu 1973 lokamba za moyo wake ndi limodzi mwa amene anaonetsa poyera mbali imeneyi, imene mabuku akale anali kuibisa.

Mbiri yomweyo ili ndi anthu ena osaleka. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, Abdullah Susi, James Chuma ndi anzao anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, anaumitsa thupi, n'kulinyamula kwa miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mcere. Wolemba Cizungu angagwiritse nchito liu limodzi pa Livingstone ndi pa Susi ndi Chuma. Wolemba Cinyanja ayenera kuima kaye. Pa Susi ndi Chuma anganene kupirira ndi kukhulupirika mosakayika. Pa Livingstone ayenera kulemba khama pa tsamba lina ndi liuma pa tsamba lina, ndipo pakutero amakhala atanena zoona zambiri kuposa amene wangoponyapo liu limodzi lonyezimira.

Mwina wina anena kuti mau amasintha, ndipo ngati acinyamata a dziko lonse asankha kuti relentless likhale citamando, mphunzitsi wa ku Dambwa ndani kuti awaletse? Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo sindikuikana. Madikishonale a masiku ano amalemba matanthauzo onse awiri, la kusaima ndi la kusafewa, ndipo woulutsa mpira akanena kuti timu ikuukira motero amakhala akuiyamikira. Ndikudziwanso cifukwa cake liuli likukoma m'makomboni mwathu. Ukamaliza sukulu n'kukhala zaka zitatu ukutumiza makalata popanda yankho, ukamakankha njinga yodzaza katundu kupita ku mlatho wa kumalire dzuwa lili pamutu, umafuna liu lokuuza kuti ndiwe wolimba kuposa zimene zikukupanikiza. Cilala sicibweza mtima, lendi sibweza mtima, ndiye iwenso umafuna kukhala wotero. Nkhawa yanga ndi yakuti munthu akalivala liuli tsiku lililonse, amayamba kuona kufewa kulikonse ngati kugonja. Kupepesa kumakhala kufooka. Kupumula kumakhala ulesi. Mtsikana akakana, mnyamata amati ine sindileka, ndipo amaganiza kuti akuonetsa khama pamene akucita nkhanza. Ndaonapo ana akudwala m'nyengo ya mayeso cifukwa cogona maola awiri, atamva pafoni kuti opambana sagona.

Ngakhale mtsinje wathu, umene olemba ndakatulo amakonda kuupatsa liu limeneli, suli monga amaunenera. N'zoona kuti Zambezi wakhala akudya mwala kwa zaka zikwizikwi, ndipo mathithi ake, otambalala mamita oposa 1,700 ndi kuya kopitirira mamita 100, akhala akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Koma taonani zigwembe za kumunsi kwa mlatho umene unamalizidwa mu 1905. Siziyenda mowongoka, zimakhotakhota. Mwala wakudawo uli ndi ming'alu yodzaza ndi dothi ndi miyala yofewa, ndipo madzi amatsata ming'alu imeneyo. Cigwembe ciliconse ndi malo amene mathithi analipo kale, ndipo ku Devil's Cataract, mbali ya Zimbabwe, madzi ayamba kale kudula mzere watsopano. Komanso aliyense wa kuno akudziwa kuti mu Epulo ungavumbwe pa Knife-Edge Bridge ngati wagwa m'madzi, koma mu Okutobala ndi Novembala mbali yathu imatsala mwala wokhawokha. Mtsinje umene unakumba zigwembe zonsezo umakhota ndipo uli ndi nyengo yocepa mphamvu. Wolemba amene wauyang'ana bwino angapeze zokamba zambiri kuposa liu limodzi lobwereka.

Nanga tizilicita ciani liuli? Sindikunena kuti mulitaye. Mukalemba Cizungu, dziwani kuti lili ndi anzake amene nthawi zambiri ndiwo mukuwafuna. Wosatopa ndi tireless. Wobwerezabwereza mpaka zitheke ndi persistent. Wotsimikiza mtima ndi determined. Amene amadzukanso akagwa ndi resilient, ndipo ndaona ana ambiri akusokoneza limeneli ndi relentless cifukwa amayamba mofanana. M'kalata yofunsira nchito yolandira alendo, liu lonena kuti simufewa lingakuvulazeni. Relentless lisungireni cinthu cimene sicimva kupepesa, kapena munthu amene mukufuna kuti owerenga amusirire ndi kumuopa nthawi imodzi. Ndipo mukalipereka kwa munthu, nenani kuti ndi wotero pa ciani. Mukalemba Cinyanja, yesani kaye mau athu. Ngati khama likukwana, lembani khama. Ngati mtima wanu ukukana kulemba khama, mwina cimene mukufotokozaco ndi liuma, ndipo ndakatulo yanu yeniyeni ili pamenepo.

Mnyamata uja ndinakhala naye pansi Lacisanu la sabata yomweyo, pansi pa mtengo kuseri kwa makalasi. Ndinamufunsa ngati amai ake amabweza mtima. Anaseka. Anati amakongoza tomato kwa anansi amene akudziwa kuti sadzalipira, ndipo tsiku limene iye anataya ndalama ya unga anamukalipira mpaka usiku, koma m'mawa anamuphikira phala. Ndinati ndiye kuti liu lija ndi la wakaloba. Anakhala cete kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu.

"Ba Sir, koma pa nkhani ya sukulu amai sabamvela. Ninalila kuti nileke, niyambe kugulitsa ku boda tibweze kaloba. Banakana. Ninaleka kudya masiku yabili, banakana cabe."

Pamenepo ndinagonja ndine. Pa cinthu cimodzi cimeneco liu lija linali la amai akedi, ndi kuuma kwake konse, cifukwa anaona mwana wao akulira ndipo sanasungunuke. Ndinamuuza kuti alembenso ndime yoyamba, anene kuti amai ake ndi osatopa pamsika, ofewa kwa anansi, ndipo relentless pa nkhani ya sukulu yokha. Anabweretsa pepalalo Lolemba. M'ndime yacitatu anali atafufuta mau akuti wakaloba sataya mtima msanga, n'kulembapo liu lomwe lija kaciwiri. Ndinacongera onse awiri.